Kupita ku Durban ndi ana ang'onoang'ono, tithandizane nzeru

Nangozo: Moni nonse pagulu pano. Banja lathu likufuna kukapuma ku Durban kwa sabata imodzi, akulu awiri ndi ana awiri, wina wa zaka 6 wina wa zaka 2. Tinyamukira ku Blantyre, ndipo maganizo athu ali pa December sukulu zikatsekera. Amene mumaudziwa mzindawu tiuzeniko za mapepala a ana, mayendedwe, kogona, ndi za kunyanjako. Anawa nyanja imene amaidziwa ndi ya ku Mangochi yokha.

Che Jafali: Ndiyambe ndi mapepala achemwali, poti pamenepa ndi pomwe ulendo umafera usanayambe. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ngakhale wa zaka 2 yo. Pasipoti ya Malawi imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, koma ikhale ndi masamba awiri osadinda, komanso isathe mphamvu pasanadutse masiku 30 kuchokera tsiku lomwe mukubwerera. Kuyambira November 2019 South Africa inafewetsa lamulo: mwana wakunja amene ali ndi makolo ake amangofunika pasipoti. Komabe musasiye kunyumba satifiketi ya kubadwa yochokera ku NRB, yosonyeza mayina a makolo onse awiri, chifukwa zipata zomwe mudutse si za South Africa zokha. Ngati kholo limodzi lidzatsogola kapena kutsalira, linalo litenge kalata yachilolezo yosainidwa pamaso pa wolumbiritsa, ndi fotokope ya pasipoti ya amene watsalayo. Akakudindani, werengani tsiku lomwe alemba pa pasipoti iliyonse musanachoke pa windo. Kupitirira masiku kumachititsa kuti akuletseni kulowanso kwa chaka, ndipo mukapitiriza kuposa masiku 30 chiletsocho chimafika zaka 5.

Bambo a Tadala: December yo ndiyo ndikuikana ine. Pa 16 December, pa 26 December ndi pa 1 January gombe la Durban limadzaza moti mchenga suoneka, anthu amabwera ndi mabasi kuchokera ku Gauteng, chigawo cha Johannesburg, ndi m'midzi yonse ya KwaZulu-Natal, chigawo chomwe kuli Durban. Malo ogona amakwera mtengo, kunja kumakhala chitungu, mvula imagwa kawirikawiri. Sukulu za ku Malawi zimakhala ndi tchuthi chachitali mu August, pamene ana a ku South Africa ali m'kalasi. Nthawi imeneyo mvula ndi yochepa, masana kumafunda bwino cha m'madigiri 23, ndipo madzi a ku Durban sazizira ngati a ku Cape Town chifukwa cha mkwasa wa madzi ofunda wa m'nyanja wotchedwa Agulhas womwe umatsika kuchokera kumpoto. Vuto la August ndi mphepo basi, makamaka masana. Tengani majuzi a usiku.

Nangozo: Tchuthi cha bambo akunyumba ndi cha December basi, sitingasinthe.

Bambo a Tadala: Ndiye fikani koyambirira momwe mungathere, ndipo masiku atatu ndatchulawo musapite kugombe. Muwasungire zinthu zina.

Mlamu wa ku Isipingo: Za mayendedwe. Basi yochokera ku Blantyre imadutsa Mwanza ndi Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Mukonzekere maola oposa 30, ndipo mu December pa Beitbridge pokha mutha kuima theka la tsiku pa dzuwa. Mukafika ku Joni mwatsala ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, maola 7 kapena 8 pa basi. Kwa mwana wa zaka 2 ulendowu ndi wowawa: chimbudzi cha m'basi sichikwanira, matewera alibe posinthira, ndipo pa boda iliyonse mumatsika nonse, tulo kapena ayi. Ngati ndi basi basi, mugulireni mpando wakewake wamng'onoyo, osati womufukata, mugone usiku umodzi ku Joni musanapitirire, ndipo chikwama cha pamiyendo chikhale ndi matewera 10, zovala zosinthira ziwiri za mwana aliyense, majumbo otayira zinyalala, madzi malita atatu ndi bulangeti, chifukwa m'basi usiku amazizitsa kwambiri.

Ndege ya Blantyre kupita ku OR Tambo, bwalo la ndege la ku Joni, ndi maola awiri ndi pang'ono, kenako ola limodzi kukafika ku King Shaka, bwalo la ndege la ku Durban. Pa OR Tambo mumadinditsa, mumatenga katundu, mumadutsa a kasitomu, kenako mumakaperekanso katunduyo kumbali ya ndege za m'dziko momwemo. Siyani mpata wa maola atatu pakati pa ndege ziwirizo. Matikiti otchipa a Johannesburg kupita ku Durban nthawi zambiri saphatikiza sutikesi, ndiye mulipiriretu pa intaneti pogula tikiti, pa kauntala zimadula. Mwana akakwanitsa zaka 2 amalipira mpando wake. Ndege ikamatsika mupatseni botolo kapena chotafuna, kumeza kumatsegula makutu.

Anaphiri: Alamu mwaiwala kuti King Shaka ili kutali, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda. Lamulo la ku South Africa kuyambira 2015 limati mwana wosakwana zaka 3 akhale pa mpando wa ana m'galimoto. Ma Uber ndi Bolt, matakisi oitanitsa pafoni, sayenda ndi mipandoyi. Ulendo wa pa msewu wa N2 wochokera kubwaloko ndi wa liwiro, choncho konzani galimoto ya malo omwe mukagonewo ndipo muwauziretu za mpando, kapena mubwereke galimoto pabwalo la ndege n'kuitanitsiratu mpandowo. Mukaulandira ugwedezeni pansi pake: ukamasuntha kuposa zala ziwiri, lamba sanamangidwe bwino.

Che Jafali: Ndalama: kwacha simungaisinthe ku Durban. Pezeranitu ma rand kubanki kwanu ndi pasipoti ndi tikiti, ndipo yambani msanga poti ndalama zakunja zimavuta kupeza. Funsaninso banki kuti khadi lanu likuloledwa kutulutsa zingati kunja, ndipo muwadziwitse masiku a ulendo kuti asalitseke. Pa ATM musalole munthu aliyense kukuthandizani, ngakhale ovala bwino. Gwiritsani za m'kati mwa mall.

Anaphiri: Kogona. Ndi ana awiri sankhani fulati yokhala ndi khitchini, osati chipinda cha hotela. Mwana wa zaka 2 amafuna phala 6 koloko m'mawa, safuna kudikira chakudya cha hotela. Madera amene ndingatchule ndi awa. North Beach ili pakati pa zonse, mumangowoloka msewu n'kufika pa promenade, njira yoyenda pansi yotsata gombe. Umhlanga ndi yabata ndi yaukhondo koma yodula, ndipo kupita ku uShaka, malo oonerako nsomba ndi osewerako m'madzi, ndi ulendo wa galimoto. Berea ndi Morningside zili pamtunda, mitengo yake ndi yabwinoko, koma kugombe mudzayendera galimoto tsiku lililonse. South Beach ndi yotchipa, komabe misewu ya kuseri kwake, cha ku Mahatma Gandhi Road yomwe kale inkatchedwa Point Road, si yoyenda ndi ana kukada.

Musanalipire funsani mafunso awa. Fulatiyo ili pa nsanjika yachingati? Magetsi akazima chikepe chimaima, ndiye kukwera masitepe a nsanjika 14 mwana ali kumsana ndi chilango. Mawindo ndi khonde zili ndi zitsulo zotchinga? Nyumba zakale za m'mbali mwa nyanja zina zili ndi mawindo otseguka onse, otsika, mwana atha kukwera pa bedi n'kusuzumira. Mukangolowa chotsani mipando ndi matebulo pafupi ndi mawindo. Pali thanki ya madzi? Madera ena a eThekwini, khonsolo ya Durban, madzi amasiya. Ndipo lipirani kudzera pa webusaiti yodziwika yokha. Mu December akuba amaika zithunzi za mafulati a eni pa Facebook, amalandira dipoziti, anthu n'kufika pa adiresi yomwe mwini wake sakudziwa kanthu.

Mlamu wa ku Isipingo: Onjezerani apusi. Ku Umhlanga ndi ku Berea apusi amalowa pawindo lotseguka kufuna nthochi ndi buledi. Zipatso muziika mufiriji kapena m'kabati, ndipo mwana asamadyere pakhonde yekha, amamulanda m'manja. Musawapatse chakudya. Komanso pulagi yathu ya mano atatu amakona siilowa m'masoketi akumeneko, awo ndi a mano obulungira. Gulani adaputala pabwalo la ndege kapena musitolo iliyonse yayikulu tsiku loyamba.

Mphunzitsi wa Zosambira: Amayi Nangozo, mawu anu akuti ana amadziwa ku Mangochi kokha ndi amene andiimitsa, ndiye mundilole nditalikitse. Choopsa chachikulu pa ulendowu si akuba, ndi kuzolowera nyanja yathu. Ku Mangochi madzi ali pomwe munawasiya m'mawa, ndipo mwana amatha kuyenda mtunda madzi ali m'mawondo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 kukwera maola 6 kutsika, ndipo nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pomwe mwayala chitenje 8 koloko pakhoza kukhala pamadzi 11 koloko. Yang'anani mzere wa zinyalala ndi mchenga wonyowa, mukhale kumtunda kwake. Mwezi ukakhala wathunthu kapena uli mumdima madzi amakwera kwambiri ndi kuphwa kwambiri, ndipo kukoka kwake kumakula.

Funde la ku Durban limasweka pamchenga penipeni. Likamabwerera limakumba mchenga pansi pa mapazi, mwana amagwa chagada, lachiwiri n'kumupeza asanadzuke. Mafunde sabwera ofanana: pamadutsa ang'onoang'ono angapo kenako lalikulu. N'chifukwa chake wa zaka 2 yo akhale m'dzanja lanu, osati pamaso panu pokha, ndipo musafulatire nyanja pojambula chithunzi. Wa zaka 6 asapitirire m'mawondo, ndipo wamkulu aime kumbali ya kunyanja, mwana kumbali ya kumtunda.

Sambani pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zokha, ndipo pokhapokha ma lifeguard, opulumutsa anthu m'madzi, alipo. Iwo amasuntha mbenderazo malinga ndi momwe madzi alili tsikulo, ndiye akaimba wezulo musakangane nawo. Chomwe akuthawitsa anthu ndi rip current, mkwasa wa madzi obwerera kunyanja mothamanga. Chinyengo chake n'chakuti pamalopo pamaoneka pabata: mafunde sasweka, madzi ndi akuda kapena amatope, thovu likulowera m'kati. Kholo losadziwa limasankha pomwepo kuti mwana asambe. Imakonda kukhala m'mbali mwa milatho yolowa m'nyanja ija ya ku North Beach ndi Bay of Plenty. Wamkulu ikakugwirani musalimbane nayo kubwerera kumtunda, mutopa n'kumira. Yandamani chagada, kwezani dzanja limodzi, kapena sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo. Mukaona wina akukokedwa, itanani ma lifeguard kapena imbani 112 pafoni ya m'manja. M'magombe ambiri a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja, anapachika zoyandamitsa zapinki pamitengo, ndi zoponyera munthu woteroyo. Osalowa chimanjamanja.

Nangozo: Tinagula kale timachubu topopa tovala m'manja ndi kabwato kopopa. Sizithandiza?

Mphunzitsi wa Zosambira: Za mudamu losambira izo mayi, kunyanja zisiyeni m'fulati. Mphepo ikamachokera kumtunda imakankha chopopa chilichonse kupita nacho m'kati mofulumira kuposa momwe inu mungasambirire, ndipo funde limavula timachubuto m'manja. Komanso zimapusitsa kholo kuti mwana ndi wotetezeka. Ngati mukufuna chovala, gulani jekete yoyandamitsa ya saizi yake yokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. China: mwana akamamira sakuwa, amangoti zii mutu uli chagada. Muzisinthana, mmodzi akhale mlonda kwa mphindi 20 foni ili m'chikwama, kenako anene momveka kuti "tsopano ndi inu". Ngozi zambiri zimachitika pamene akulu ali ambiri, aliyense akuganiza kuti mnzake akuona.

Bambo a Tadala: Gombe labwino kwa ana ndi la uShaka ndi la Addington, kumwera cha kudoko, chifukwa khoma la doko limachepetsa mafunde. Pa promenade palinso madamu osaya a ana.

Anaphiri: Koma muziyamba mwaona ngati gombelo latsegulidwa. Madzi osefukira a April 2022 anawononga mapaipi ndi malo oyeretsera zonyansa, ndipo kuchokera nthawi imeneyo khonsolo ya eThekwini yakhala ikutseka magombe ena tizilombo ta E. coli tikachuluka. Amalengeza zotsatira za kuyeza madzi, komanso pagombe pamakhala chikwangwani. Lamulo losavuta ndi ili: mvula yamphamvu ikagwa, dikirani masiku awiri, ndipo pewani kufupi ndi pomwe mtsinje wa Umgeni umathira, ku Blue Lagoon. Mwana wamng'ono amamwa madzi posamba, ndiye ndi iye woyamba kutsegula m'mimba.

Mlamu wa ku Isipingo: Wina afunsa za shaki ndithu. Magombe osambira ali ndi maukonde ndi zida za KwaZulu-Natal Sharks Board, ndipo ku Durban maukondewa anayamba mu 1952. Amawachotsa nyanja ikalusa kapena m'nyengo ya nsomba za sardine cha mu June ndi July, pamenepo kusamba kumaletsedwa. Pakati pa mbendera, madzi a m'mawondo, shaki isakusowetseni tulo.

Namwino wa Ana: Chimene chidzalize mwana si shaki koma bluebottle. Ndi kanthu kabuluu kooneka ngati kajumbo kofufuma, kali ndi ulusi wautali, ndipo mphepo yochokera kunyanja imatitaya pamchenga tambirimbiri m'chilimwe. Ana amatitola poganiza kuti ndi chibaluni, ndipo ngakhale takufa timaluma. Mukaona mzere wa tinthu timeneti pamchenga, tsikulo musalowe m'madzi. Mwana akalumidwa, chotsani ulusiwo ndi kona ya khadi kapena chala chokutidwa ndi nsalu, tsukani ndi madzi a m'nyanja, osapukuta ndi mchenga kapena thaulo chifukwa kutikita kumatulutsa ululu wina. Kenako viikani malowo m'madzi otentha omwe dzanja lanu likupirira bwinobwino, kwa mphindi 20. Akatupa nkhope kapena kubanika, thamangani kuchipatala. Addington Hospital ili pagombe pomwepo.

Dzuwa: khungu lakuda limapsanso, makamaka mapewa, mphuno ndi khosi. Mu December ku Durban kumacha isanakwane 5 koloko, ndiye pitani kugombe 7 koloko, 10 koloko muzibwerera. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 muwapake mphindi 20 musanatuluke, mubwereze maola awiri aliwonse komanso akangotuluka m'madzi. Chipewa cha mlomo waukulu, malaya osambira a manja aatali, ndi nsapato, chifukwa mchenga wa masana umawotcha mapazi a mwana mpaka matuza. Akatuluka muwatsuke ndi madzi a pampopi ndi kuwasintha msanga. Mchenga ndi mchere zikatsalira m'thewera zimasupula khungu tsiku limodzi lokha.

M'chikwama cha mankhwala: mapaketi 6 a Thanzi ORS, zinc, paracetamol wamadzi ndi sirinji yoyezera, thermometer, mapulasitala, mafuta a zilonda za thewera, ndi mabuku a kuchipatala a ana onse. Paracetamol amayendera kulemera, 15 mg pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa makilogalamu 12 ndi 180 mg, kutanthauza 7.5 ml ngati botolo lalembedwa 120 mg pa 5 ml. Werengani botolo, mphamvu zimasiyana. ORS ikatha, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere.

Chofunika koposa: ku Durban kulibe malungo, koma mwana atha kunyamula tizilombo kuchokera kwathu n'kudwalira komweko patatha sabata kapena kuposa. Dokotala wakumeneko akhoza kuganiza za chimfine. Thupi likatentha, nenani poyamba penipeni kuti mwachokera ku Malawi ndipo mukufuna ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Zipatala zolipira zimafuna dipoziti yayikulu kwa mlendo asanamugoneke, choncho inshuwalansi ya paulendo igulidwe pamodzi ndi tikiti.

Gogo Nasibeko: Ana anga, mwanena zoopsa zambiri, mayiyu aopa. Kuli zosangalatsa kumeneko. Kungoti tsiku limodzi chinthu chimodzi, masana ana agone.

Bambo a Tadala: Zoona agogo. uShaka Marine World, yomwe inatsegulidwa mu 2004, ipatseni tsiku lathunthu pakati pa sabata. Nsomba zili m'matanki a galasi m'kati mwa nyumba yomangidwa ngati sitima yakale yomwe inasweka, ndipo ana amaima maso ndi maso ndi shaki ndi akamba a m'nyanja. Muli mdima pang'ono, wamng'onoyo mumubereke poyamba mpaka azolowere. Mukangolowa jambulani ndandanda ya nthawi za ziwonetsero za nyama za m'nyanja, ma dolphin ndi ma seal, mufike mphindi 20 zisanayambe kuti mupeze pamthunzi. Mipando yakutsogolo imanyowa. Mbali yosewerera m'madzi ya Wet 'n Wild ili ndi tikiti yakeyake kapena yophatikiza, ndipo zotsetsereka zazikulu amayeza msinkhu, ndiye kwa ana anuwa dziwe la ana ndi kamtsinje koyenda pang'onopang'ono n'zokwanira.

Masiku odzaza aja pitani ku Durban Botanic Gardens ku Berea. Munda umenewu unayamba mu 1849, kulowa ndi kwaulere, kuli kapinga, mithunzi ya mitengo ikuluikulu ndi dziwe la mbalame. Pafupi ndi dziwelo gwirani dzanja wamng'onoyo. Kukagwa mvula, Natural Science Museum ili m'nyumba ya City Hall pakati pa tawuni, muli chifanizo chachikulu cha T. rex, chinyama chakalekale chomwe chinatha, ndi nyama zoumikidwa. Pitani ndi galimoto mpaka pakhomo, foni m'thumba. Promenade ndi yosalala kuchokera ku uShaka mpaka ku Blue Lagoon, pulema imayenda bwino, ndipo njinga zobwereka zilipo. Okoka ngolo za rickshaw ovala zipewa zazikulu za mikanda amalipiritsa kukwera komanso chithunzi, gwirizanani mtengo musanakweze mwana.

Che Jafali: Mu December khonsolo imapereka timalamba tovala pamkono tolembapo nambala ya kholo, pamatenti a m'mbali mwa gombe. Tengani. Lembanipo nambala ya ku South Africa, osati ya kwathu. Simu khadi ya Vodacom kapena MTN imalembetsedwa ndi pasipoti ndi adiresi ya komwe mukugona, ndipo n'zosavuta kuchitira pabwalo la ndege. M'mawa uliwonse jambulani ana atavala, kuti mukasowana musonyeze chithunzi cha zovala za tsikulo. Wa zaka 6 mumuonetse nsanja ya ma lifeguard kuti akakusowani apite pamenepo, asayendeyende.

Nangozo: Nanga chakudya? Wamng'onoyu popanda nsima sagona. Tinyamule ufa?

Anaphiri: Musavutike achemwali. Ku Shoprite, Checkers, Boxer ndi Pick n Pay kuli ufa wa White Star, Ace ndi Iwisa. Wolembedwa super ndi woyera ngati ufa wathu woyera, paketi ya makilogalamu 2.5 ikukwanirani sabata. Umakhuthala msanga, ndiye thirani pang'onopang'ono. Chonyamula ndi mthiko, m'mafulati mumangopezeka masupuni apulasitiki. Nyama, mkaka, zipatso ndi masamba musawolotse boda, amalanda. Amasi ndi chambiko chomwe chija. Bunny chow, buledi wobooledwa wothira curry m'kati, mulawe akuluakulu, koma ngakhale yomwe amati ndi yosawawa ili ndi tsabola woti mwana sangathe. Madzi akumwa a wamng'onoyo muziwiritsa kapena kugula a m'botolo la malita 5.

Nangozo: Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba zonse. Funso lomaliza: pulema titenge, kapena chitenje chikwanira?

Mlamu wa ku Isipingo: Tengani zonse ziwiri. Pulema yopinda yopepuka ndege zambiri zimanyamula ulere, mumaipereka pakhomo la ndege, ndipo pa promenade ndi ku uShaka mwana amagonamo masana. Pamchenga matayala amatitimira, pamenepo ndi pa chitenje. Mukabwera kugombe tsukani matayalawo ndi madzi a pampopi, mchere umadyetsa dzimbiri msanga.